Mafilimu oopsa a 2025: N'chifukwa chiyani nkhani za anamapopa ndi mfiti zinadzaza nyumba za kanema ku America?

Chaka cha 2025 chinatha opanga mafilimu oopsa a ku United States akumwetulira. Mafilimu anayi okha, omwe ndi Sinners, Weapons, The Conjuring: Last Rites ndi Final Destination Bloodlines, analowetsa ndalama zoposa madola 1.4 biliyoni m'nyumba zoonetsera kanema pa dziko lonse. Pa 22 Januwale 2026, filimu ya Sinners inatchulidwa m'magawo 16 a mpikisano wa mphoto za Oscar. Chiyambire mpikisanowu mu 1929, palibe filimu ina yomwe inadutsapo magawo 14.

Kwa Amalawi okhala m'chigawo cha Indiana, makamaka ku South Bend, umodzi mwa mizinda yodziwika ndi Amalawi ochuluka m'dzikolo, komanso ku Indianapolis, awiri mwa mafilimuwa akukamba zinthu zomwe anazimvapo kale kumudzi. Sinners ikunena za anthu opopa magazi. Weapons ikunena za ufiti ndi za mphunzitsi yemwe makolo akumuganizira kuti wasowetsa ana awo. Ku America izi ndi zongosangalatsa Loweruka madzulo. Ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Neno, mawu omwewo anaphetsa anthu.

Mafilimu omwe anatsogola

Yomwe inalowetsa ndalama zochuluka kuposa inzake ndi The Conjuring: Last Rites, yomwe inatuluka mu Seputembala ndipo inapeza madola oposa 480 miliyoni. Ikufotokoza za Ed ndi Lorraine Warren, banja lomwe linakhalapodi ndipo linkadzitcha lofufuza za mizimu yoipa. Final Destination Bloodlines, yomwe inatuluka mu Meyi, inadutsa madola 300 miliyoni. Nkhani yake ndi ya banja lomwe imfa ikulilondola mmodzimmodzi chifukwa agogo awo anapulumuka ngozi yomwe sankayenera kupulumuka.

Awiriwa ndi mafilimu otsatira anzawo akale, ndipo anali nawo kale owakonda. Sinners ndi Weapons zinali nkhani zatsopano. Sinners, yomwe inadya ndalama zokwana pafupifupi madola 90 miliyoni poipanga, inabweza oposa 360 miliyoni. Weapons inapangidwa ndi madola 38 miliyoni n'kubweza oposa 260 miliyoni. Onse anayiwa anatulutsidwa ndi kampani imodzi, Warner Bros.

Panalinso ena. Danny Boyle anatulutsa 28 Years Later, yonena za dziko la Britain litatsekeredwa chifukwa cha kachilombo kosandutsa anthu zilombo zolusa. Guillermo del Toro anapanganso Frankenstein, kuchokera m'buku lomwe Mary Shelley anatulutsa mu 1818, ndipo inaonetsedwa pa Netflix mu Novembala. Sewero la Stranger Things, lomwe nkhani yake imachitikira m'tauni yongopeka ya Hawkins ku Indiana ngakhale linkajambulidwa ku Georgia, linafika kumapeto ake pa 31 Disembala.

Kodi Sinners ikunena chiyani?

Filimuyi inalembedwa ndi kutsogoleredwa ndi Ryan Coogler, yemwe anatchuka ndi Black Panther. Nkhani yake ikuchitika mu 1932 m'tauni ya Clarksdale ku Mississippi, m'nthawi yomwe malamulo ankasiyanitsa anthu akuda ndi azungu pa chilichonse. Mapasa awiri, Smoke ndi Stack, omwe onse akuseweredwa ndi Michael B. Jordan, akubwerera kwawo kuchokera ku Chicago ndi ndalama zomwe sanazipeze mwachilungamo. Akugula nyumba yakale yochekera matabwa kuti atsegule malo oti anthu akuda, omwe ambiri ndi olima thonje m'minda ya eni, azimwerapo ndi kuvina.

Woimba wa usiku woyamba ndi msuweni wawo Sammie, mwana wa mbusa, yemwe bambo ake amati nyimbo za blues ndi za Satana. Sammie akayamba kuimba, chinsalu cholekanitsa amoyo, makolo akale ndi osabadwa chikung'ambika, ndipo ovina ovala zigoba a ku West Africa akuoneka akuvina limodzi ndi anthu a m'tsogolo. Aliyense woleredwa pomwe pali ng'oma za Gule Wamkulu kapena za Vimbuza safunika kuuzidwa kuti nyimbo zimaitana mizimu.

Koma nyimbozo zikuitananso Remmick, wopopa magazi wochokera ku Ireland. Malinga ndi mwambo wa nkhani zotere, iye sangalowe m'nyumba popanda kuitanidwa, choncho akuima pakhomo, kulankhula mofatsa ndi kulonjeza ubale wopanda tsankho. Chomwe akufuna kwenikweni ndi luso la Sammie. Woyamba kuzindikira zomwe zikuchitika ndi Annie, mayi wodziwa zitsamba ndi zithumwa, yemwe akuseweredwa ndi Wunmi Mosaku, wobadwira ku Nigeria. Mafilimu akale a ku Hollywood ankakonda kuonetsa chipembedzo cha makolo a ku Africa ngati gwero la zoipa, koma muno nzeru za Annie ndi zomwe zikuteteza anthu.

Owunika mafilimu ambiri anaona kuti nkhani ya Remmick ikufanana ndi mbiri ya oimba akuda omwe nyimbo zawo zinalemeretsa makampani iwo n'kufa osauka. Coogler mwiniyo anachita pangano lachilendo ndi Warner Bros. loti pakatha zaka 25, umwini wa filimuyi udzabwerera kwa iye.

Mantha omwe Indiana ikuwadziwa

Mu Sinners muli adani a mitundu iwiri. Munthu yemwe akugulitsa nyumba kwa mapasa aja ndi mtsogoleri wa Ku Klux Klan, gulu la azungu atsankho, ndipo wakonza zodzapha onse kutacha. Ngakhale opopa magazi akanapanda kubwera, m'mawa wake ukanakhala wa maliro.

Mbiri imeneyi si ya kummwera kwa America kokha. M'zaka za m'ma 1920, Indiana inali chimodzi mwa zigawo zomwe gululi linali ndi mphamvu kwambiri, moti mu 1924 linathandiza Edward Jackson kupambana pa chisankho cha bwanamkubwa. Mu Meyi chaka chomwecho, ophunzira a pa yunivesite ya Chikatolika ya Notre Dame anamenyana ndi mamembala a gululi m'misewu ya South Bend. Pa 7 Ogasiti 1930, m'tauni ya Marion, chigulu cha anthu chinathyola ndende, kutulutsa anyamata awiri akuda, Thomas Shipp ndi Abram Smith, n'kuwapachika pa mtengo mlandu wawo usanazengedwe. Palibe yemwe anapezeka wolakwa pa imfa zawo. Izi zinachitika zaka ziwiri zokha isanafike nthawi yomwe nkhani ya Sinners ikuchitikira.

Mzinda wa Indianapolis unali ndi mwayi wapadera pa filimuyi. Coogler anaijambula ndi makamera a IMAX, ndipo ndi nyumba zochepa chabe pa dziko lonse zomwe zikanatha kuionetsa pa filimu ya IMAX ya mamilimita 70. Imodzi mwa izo inali ya ku Indiana State Museum. Pomwe a ku Indianapolis ankaonera pa chinsalu chachikulu chotero, tauni ya Clarksdale, mwini nkhani, inalibe nyumba ya kanema ngakhale imodzi. Anthu a kumeneko atadandaula, Coogler ndi anzake anapita kukaionetsa mwapadera kumapeto kwa Meyi 2025.

Anamapopa: pomwe nthano imasanduka imfa

Mu Seputembala 2017, mphekesera zoti kwabwera anthu opopa magazi zinabuka ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka mu mzinda wa Blantyre. Anthu anasiya kugona m'nyumba, achinyamata anatseka misewu ndi miyala n'kumasecha galimoto, ndipo mlendo aliyense ankaoneka ngati mdani. Anthu osachepera 9 anaphedwa ndi zigulu za anthu olusa. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe, boma linaletsa kuyenda usiku m'madera ena, ndipo apolisi anamanga anthu oposa 100. Akuluakulu a zaumoyo ananena kuti sanapeze umboni woti pali yemwe anapopedwa magazi.

Aka sikanali koyamba. Kumapeto kwa 2002 ndi kumayambiriro kwa 2003, m'nthawi ya njala, kunamveka zoti boma likusinthanitsa magazi a anthu ndi chimanga cha thandizo, ndipo Eric Chiwaya, yemwe anali gavanala wa chipani cholamula cha UDF ku Blantyre, anagendedwa ndi miyala n'kuvulazidwa. Kale kwambiri, pakati pa 1968 ndi 1970, anthu osachepera 30 anaphedwa usiku m'nyumba zawo ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre. Nthawi imeneyo anthu ankanong'onezana kuti magazi a ophedwawo akutumizidwa ku South Africa pobweza ngongole za boma.

Katswiri wa mbiri yakale Luise White, m'buku lake la mu 2000 lotchedwa Speaking with Vampires, anafufuza mphekesera zotere m'nthawi ya atsamunda. Ku Northern Rhodesia, komwe lero ndi Zambia, opopa magazi ankatchedwa banyama. Ku Kenya ndi ku Tanganyika ankatchedwa wazimamoto, kutanthauza ozimitsa moto. Oganiziridwa nthawi zambiri ankakhala ogwira ntchito za boma, achipatala, ngakhale ansembe, anthu obwera ndi zida ndi galimoto zomwe eni dera sankazimvetsa. White anaona kuti nkhanizi zinali njira yomwe anthu ankafotokozera ulamuliro womwe unkawadyera mphamvu zawo.

Apa ndi pomwe Sinners ndi mphekesera za anamapopa zikukumana: zonse zikukamba za wamphamvu wochokera kunja yemwe akuyamwa moyo wa osauka. Kusiyana kwake n'kwakuti woonera filimu amadziwa kuti Remmick ndi wongopeka, ndipo magetsi akayaka amanyamuka kupita kwawo. Mphekesera ilibe chinsalu. Imafuna munthu weniweni woti imuloze chala, ndipo omwe anafa mu 2017 sanali olemera odyera anzawo masuku pamutu. Ena anali apaulendo, ena odwala.

Weapons ndi chala choloza mfiti

Filimu ya Zach Cregger, yomwe inatuluka mu Ogasiti, ikuyamba ndi chozizwitsa. Usiku wina, nthawi ili 2:17, ana 17 a m'kalasi imodzi m'tauni yongopeka ya Maybrook ku Pennsylvania akudzuka, kutsegula zitseko n'kuthamangira mumdima manja atatambasula. M'mawa mwake, mphunzitsi wawo Justine, yemwe akuseweredwa ndi Julia Garner, akupeza mwana mmodzi yekha m'kalasi.

Makolo osweka mtima akufuna wolakwa, ndipo wapafupi ndi mphunzitsiyo. Akumukuwiza pa msonkhano wa sukulu, akumuopseza, ndipo wina akulemba mawu oti mfiti ndi penti pa galimoto yake. Gawo limeneli likuonetsa bwino momwe chisoni chimasandukira mkwiyo, ndi momwe mudzi umasankhira munthu wopanda womuteteza.

Koma kumapeto, filimuyi ikuvomereza kuti mfiti ilipodi. Ndi mayi wokalamba wotchedwa Gladys, yemwe akulodza anthu pogwiritsa ntchito tsitsi lawo, katundu wawo ndi nthambi ya minga. Amy Madigan, yemwe anasewera gawoli, anatchulidwa nawo pa mpikisano wa Oscar wa mu 2026. Kwa woonera wa ku Indianapolis, Gladys ndi chovala choseketsa cha pa chikondwerero cha Halloween. Kwa wochokera ku Malawi, chithunzi cha gogo wolodza ana chili ndi mbiri ina. Mu Januwale 2016, anthu anayi okalamba anaphedwa m'boma la Neno atanamiziridwa kuti ndiwo anatumiza mphezi yomwe inapha mtsikana wa m'mudzimo. Mabungwe oona za ufulu wa okalamba, monga Malawi Network of Older Persons' Organisations, akhala akudandaula chaka ndi chaka kuti nkhanza zotere sizikutha.

Lamulo la za ufiti la m'Malawi, lomwe linakhazikitsidwa mu 1911, limati ndi mlandu kunena munthu kuti ndi mfiti, kumumwetsa mwabvi, kapena kudzitcha mfiti. Komabe chikhulupirirocho n'chozama, ndipo mkangano woti lamuloli lisinthidwe kapena ayi wakhala ulipo kwa zaka zambiri.

Diso la ku Zambia

Yemwe waiona nkhaniyi kuchokera kumbali ya wonamiziridwa ndi Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka n'kukulira ku Wales. Filimu yake yoyamba, I Am Not a Witch ya mu 2017, momwe mumamvekanso Chinyanja, ikunena za kamtsikana kotchedwa Shula komwe kakutumizidwa kumsasa wa mfiti. Amayi a kumsasako amangiriridwa ku nsalu zazitali zoyera kuti asauluke, ndipo mkulu wina wa boma akupanga ndalama poyendayenda ndi mwanayo. Filimuyi inapata mphoto ya BAFTA mu 2018.

Yachiwiri, On Becoming a Guinea Fowl, inamupatsa mphoto ya wotsogolera filimu waluso m'gawo la Un Certain Regard ku Cannes mu 2024, ndipo inafika m'nyumba za kanema za ku America mu Malichi 2025. Mayi wina akupeza mtembo wa amalume ake pamsewu usiku. Maliro ali mkati, zikuululika kuti malemuwo ankagwirira ana aakazi a m'banjamo, koma akuluakulu akufuna nkhaniyo ikwiriridwe limodzi ndi mtembo, ndipo mlandu wonse akuukankhira kwa namfedwa wachichepere. Dzina la filimuyi likuchokera ku nkhanga, mbalame yomwe imalira pochenjeza nyama zina chilombo chikayandikira. Mulibe mzukwa ngakhale umodzi, koma mantha ake ndi a pakhomo, omwe mabanja ambiri amawadziwa.

N'chifukwa chiyani anthu amalipira kuti aopsezedwe?

Munthu akaona choopsa, ubongo umatumiza chenjezo, mtima umagunda mofulumira ndipo thupi limakonzekera kuthawa kapena kumenya nkhondo. Thupi silisiyanitsa kwenikweni fisi weniweni ndi wa pa kanema, koma maganizo amadziwa kuti ali pabwino. Choopsacho chikadutsa, pamabwera mpumulo wokoma. Pa yunivesite ya Aarhus ku Denmark pali gulu la akatswiri lofufuza za mantha osangalatsa, lomwe linapeza kuti anthu amakondwa kwambiri mantha akakhala apakatikati, osachepa komanso osapyola muyeso. Kafukufuku wina, wotsogoleredwa ndi Coltan Scrivner m'nthawi ya Covid-19, anapeza kuti okonda mafilimu oopsa ankanena kuti akuvutika pang'ono m'maganizo poyerekeza ndi anzawo.

Makolo a kuno kwathu ankaidziwa kale nzeru imeneyi. Nthano za afisi osanduka anthu n'kukwatira mtsikana wonyada, za ndondocha zolima m'munda wa mwini usiku, ndi za Napolo wotsika m'phiri ndi madzi osefukira, zinkakambidwa madzulo pamoto, ana atazungulira agogo awo. Mwana ankaopa ali pakati pa abale, n'kutolapo phunziro. Kwa opanga mafilimu, palinso chifukwa cha malonda: filimu yoopsa siifuna ndalama zambiri kapena osewera otchuka, ndipo achinyamata amakonda kukaionera pagulu.

Kuchokera ku Lafayette Square mpaka ku vidiyo sho

Malo omwe anthu amaonerapo mafilimu akusintha. Msika waukulu wa Lafayette Square, kumpoto chakumadzulo kwa Indianapolis, unatsegulidwa mu 1968 m'nthawi yomwe misika yofoleredwa yotere inali mtima wa moyo wa m'mizinda ya ku America. George Romero anaiseka misikayi mu filimu yake ya mu 1978, Dawn of the Dead, momwe akufa oyenda akukhamukira kumsika wotere ku Pennsylvania chifukwa ndi komwe anazolowera ali moyo. Patapita zaka, Lafayette Square inayamba kuzilala, ndipo masitolo akuluakulu monga Sears ndi Macy's anatseka cha mu 2009. Omwe anabweretsanso moyo m'derali ndi anthu obwera kuchokera ku Africa, Latin America ndi Asia, omwe anatsegula magolosale ndi malo odyera m'mbali mwa misewu ya Lafayette Road ndi 38th Street. Lero derali limatchedwa International Marketplace.

Ku Malawi, nyumba zenizeni za kanema n'zosowa. Ambiri amaonera m'mavidiyo sho a m'misika ndi m'makwalala, kapena pa foni, ndipo mafilimu akunja amafika atamasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata omwe amawonjezeramo nthabwala zawo. Mafilimu a ku Nigeria onena za kukhwima ndi kupereka abale nsembe pofuna chuma, mtundu womwe unatchuka ndi Living in Bondage mu 1992, akhala akuonetsedwa m'malo amenewa kwa zaka zambiri.

Apa pali nkhani yofunika kwa makolo. Ku America, Sinners ndi Weapons zili m'gulu la R, kutanthauza kuti wosakwana zaka 17 saloledwa kulowa popanda kholo kapena womuyang'anira. Malawi ili ndi lamulo la mu 1968 loyang'anira zoonetsa ndi zosangalatsa, koma pakhomo la vidiyo sho kawirikawiri chofunika ndi ndalama yolowera, ndipo foni siifunsa zaka. Mwana woonera Weapons m'mudzi momwe agogo ena akunenedwa kale za ufiti angaitenge filimuyo ngati umboni.

Chomwe chikubwera

Mwambo wopereka mphoto za Oscar unakonzedwa kuti uchitike pa 15 Malichi 2026 ku Los Angeles. Mafilimu oopsa sapambana kawirikawiri pa mpikisanowu. The Silence of the Lambs ya mu 1991 ndi yomwe imatchulidwa ngati yokhayo ya mtunduwu yomwe inapatapo mphoto ya filimu yopambana onse.

Ku Malawi, akatswiri monga Shemu Joyah, yemwe anapanga Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise, aonetsa kuti nkhani za m'dzikoli zingathe kupikisana kunja. The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, yomwe inajambulidwa ku Kasungu, inafikitsa Chichewa ndi Gule Wamkulu kwa oonera a Netflix pa dziko lonse. Chaka cha 2025 chasonyeza kuti oonera ali okonzeka kulipira nkhani yoopsa yozikika m'mbiri ndi m'chikhalidwe cha dera limodzi. Nkhani za Chilobwe, za Mulanje ndi za Neno zili ndi zonse zomwe filimu yotere imafuna, ndipo wodzazijambula adzayenera kusankha poika kamera yake: kumbali ya chigulu chonyamula miyala, kapena kumbali ya munthu yemwe akuthawa.